Amayi Akupita ku Makala

Namacula, Vila Cabral
12 Setembro 1956

Okondedwa achimwene Selemane,

Asalamu alaikumu. Ndine mlongo wanu Anifa. Muli bwanji ku Beira kutali uko? Chifuwa chija munadandaula m'kalata yanu yomaliza chinaleka? Nanga alamu anga Atija ndi ana? Kuno tilipo, Alhamdulillahi. Mlamu wanu Amade akupalasabe makina ake osokera pakhonde, ndipo mwana wathu Zubaida wandipitirira kale kutalika. Kuzizira kwatha, kwatsala fumbi.

Za amayi ndinena, koma mundilole ndiyambire poyambira, chifukwa ndikalumpha mudzandiyesa wamisala. Kalata ino ndaiyamba katatu. Ndikakhala pansi miyendo ikufuna kuyenda, ndikaimirira mutu ukufuna kulemba.

Mwezi watha amayi anayamba nyimbo ya ku Makala, chilumba chakwawo chija. Zaka zisanu ndi ziwiri akhala ndi ine chimwalirire abambo, osachitchula ngakhale kamodzi. Mwadzidzidzi m'mawa Makala, masana Makala. Akuti afuna akaone mlongo wawo, amalume a Dawudi, masiku ochepa chabe. Akuti atopa ndi usipa wouma ngati zitsotso, afuna nsomba yoti ikuphiriphithabe.

Poyamba ndinakana. Ndinawakumbutsa mawu munasiya tsiku lokwera galimoto, akuti amayi asasunthe kufikira mutabwerako, ndipo inu ndinu mwini mbumba. Anandiyang'ana nkunena kuti Selemane anamubereka ndi iwo, sanawabereke ndi iye. Anatinso kukacheza si kusamuka. Inu mukuwadziwa amayi anu. Ndinagonja.

Ndiye kukonzekera kunayamba. Amade anaima m'mawa katatu ku ofesi ya boma kupempha giya, chikalata chija chotiloleza kuyenda. Kalaliki anamufunsa kuti anthu anzeru akukafunanji pa mulu wa miyala yakuda. Anati m'mabuku a Apwitikizi muli zoti chilumbacho chinali phiri la moto limene linazima kalekale. Amade atafotokoza zimenezi kunyumba, amayi anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo anabadwira pomwepo, ndipo moto umene anauona ndi wowambira nsomba basi. Ngati azungu anaona utsi, ndiye kuti anafika nthawi yophika.

Giya inatuluka, ya anthu anayi: amayi, ine, Amade ndi Zubaida, masiku asanu ndi atatu. Tinapeza malo pa lole ya katundu yopita ku Metangula. Kuchokera pamenepo ndi ngalawa, theka la tsiku ngati mwera watileka.

Ine chimene chinandisowetsa mtendere ndi mphatso. Mbatata ndinapeza, nyemba ndinapeza, koma zimenezo nza kukhitchini. Amalume enieni ndikawapatsa chiyani, munthu amene sindinamuone chikwatiwire? Tikafike manja lendelende ngati anthu othawa nkhondo?

Lolemba lapitalo amayi ali kwa anansi, ndinatsegula bokosi lawo kuti ndiwachapire nsalu zapaulendo. Pansi penipeni ndinapeza bafuta woyera, watsopano, wosadula, wopindidwa bwinobwino. Mtima wanga unagwa pansi ndi chimwemwe. Ndinati amayi agulira mlongo wawo nsalu ya mkanjo, koma ukalamba, aiwala kuipereka kwa telala, chonsecho telala akudya naye mbale imodzi.

Achimwene, fungo la kafuri ndinalimva. Ndinalimva ndithu. Ine mwana wa Msilamu, amene ndathandizapo kusambitsa maliro kawiri, ndipo ndikudziwa kuti kafuri timathira m'madzi otsiriza. Koma ndinadziuza kuti amayi aikamo kuthamangitsira njenjete. Munthu ukasowa mphatso, mphuno imagontha.

Ndinapereka nsaluyo kwa Amade, nkumuuza kuti asoke mobisa kuti tiwadabwitse. Anasoka masiku awiri, mpaka kukongoletsa pakhosi ndi ulusi wa siliki. Chiyambire ntchito yake sanasokepo mkanjo wokongola chotere.

Lachinayi titadya, ndinautambasula pamaso pa amayi ndikumwetulira ngati chitsiru. Anaukoka, nkuyendetsa chala pa msoko kuyambira pakhosi mpaka pansi. Kenako anafunsa kuti wadula ndani. Ndinati Amade, koma wotuma ndine. Anagwedeza mutu nkunena kuti imeneyo inali sanda yawo, nsalu yodzawakulungira, ndipo sanda sasoka.

Amade anatuluka osavala nkomwe nsapato. Ine ndinangoti khuma pamphasa. Ndinayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anangoti ndinali wothamanga kuyambira ndili m'mimba. Kenako anagwira dzanja langa nkuliika pansi pa bere lawo lamanzere. Pali chotupa, achimwene, cholimba, chachikulu ngati dzira.

Kani mwezi wa Junho, tsiku limene anati akupita kumsika nkubwerako opanda kanthu, anali kwa a Germano, enferimeru uja, namwino wokhala ku Assumane. Amayi anawauza kuti asawanamize ngati mwana. A Germano anawauza zoona, kuti mondokwa wa chaka chino mwina sadzamulawa. Pobwerera anadzera kusitolo kwa Mmwenye nkugula bafuta uja. Miyezi itatu ndakhala ndikuwadzudzula kuti akusiya chakudya m'mbale chifukwa cha matama. Ndili ndi manyazi, ndipo ndili ndi mantha.

Anandifotokozera mofatsa ngati akundiphunzitsa kupeta. Anati ife Asilamu sitigoneka maliro. Ukafa m'mawa, dzuwa lisanalowe uli m'manda. Akafera kuno adzaikidwa kuno, m'dothi lofiira la eni ake, pakati pa anthu osawadziwa maina. Palibe amene adzanyamule mtembo masiku awiri pa lole ndi pa ngalawa. Ku Makala kuli manda a amayi awo, kulinso a ana awo awiri aja anamwalira ife tisanabadwe. Anati ngati afuna kukagona pafupi nawo, ayenera kupitako ndi miyendo yawo, miyendoyo ikadalola.

Ndinalira, ndinakangana nawo. Ndinati tidikire Selemane, kontalakiti yake ikutha mu Marso. Anandifunsa kuti mu Marso ndi lole iti imatsika phiri la ku Metangula m'matope aja, ndipo ndani wandiuza kuti iwo adzakhalapo. Ndinati nanga tilembe kalata timve yankho. Anati inu mudzakana, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa simunagwire chimene ndagwira ine.

Kuchokera tsiku limenelo sindikudziwa chimene ndikuchita. Ndamasula katundu kawiri nkumanganso. Dzulo ndinathira mchere mu tiyi wa Amade, iye nkumwa osadandaula. Ndikaganiza zowasunga, ndikuona ndikuwaika m'manda amene awakana ali moyo. Ndikaganiza zowaperekeza, ndikuona inu mukutsika galimoto ndi masutikesi, nkupeza mphasa yawo yapindidwa.

Amade wagula bafuta wina, ndipo akukana ngakhale kumuyandikira ali ndi sizasi m'manja. Ndinamukumbutsa kuti giya ili ndi maina anayi, tikabwerako atatu adzamufunsa ku ofesi. Anati adzayankha kuti apongozi ake adwala, ndipo si bodza. Akamumenya mbama, akuti masaya ali nawo awiri.

Mkanjo uja ndinafuna kuuphwasula. Amayi anandiletsa. Akuti ntchito yabwino saiononga, tipite nawo kwa amalume monga ndinafunira. Akuti amalumewo adzauvale tsiku lowatsitsira amayi m'manda, kuti nsaluyo igwirebe ntchito imene anaigulira.

Tsopano ndifike pa chimene chikundilemetsa. Kalata yochoka kuno imatenga milungu iwiri kapena itatu kuti ikupezeni. Lole inyamuka mkuja, Lachisanu, anthu akangotuluka kumzikiti. Choncho ndingakhale wabodza nditalemba ngati ndikupempha chilolezo. Pamene mukuwerenga mawu awa, amayi ali kale pachilumba, ndipo amene wawakweza ngalawa ndine.

Ndaphwanya mawu anu, achimwene. Ndikudziwa kuti si malo a mlongo wamng'ono kusamutsa kholo mwini mbumba kulibe. Mukafuna kukwiya, kwiyirani ine, osati Amade kapena amalume, amene mpaka lero akungodziwa kuti kukubwera alendo ocheza. Mlanduwo tidzaukamba, ndipo ndidzagwada. Koma muukambe mutafika.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa kapitawo wanu, mugwireni miyendo, akumasuleni Marso asanafike. Musataye tsiku ku Vila Cabral pofuna kupuma kwathu. Pitirirani ku Metangula, mufunse ngalawa ya ku Makala. Ine giya ikundilamula kubwerera, ndipo sindikudziwa kuti ndidzatsanzikana nawo bwanji pagombe paja.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Atija, muwauze okha nkhaniyi mofatsa. Ana muwapsompsone. Amade ndi Zubaida akupereka moni. Allah akusungeni pantchito yanu, akufewetsereni mtima wa kapitawo, ndipo akufupikitsireni njira.

Pamene ndikulemba, amayi ali panja, akusungitsa nkhuku yawo kwa anansi nkumawauza kuti abwera sabata yamawa. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Akuti musavutike ndi shuga kapena nsalu za ku Beira. Mungobwera ndi phewa lanu, chifukwa safuna kudzanyamulidwa ndi ana a eni okhaokha, wawo alipo.

Fulumirani, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Anifa