Kabotolo ka Alamu Anga

Lachinayi madzulo, ku Bolero. Lero ndapumako, koyamba chitulukireni m'chipatala.

Zotsatira za chimbudzi cha amuna anga zabwera, mulibenso magazi. Kotupa kamene anawachotsa m'matumbo sikanali ka khansa. Phala amaliza mbale yonse.

Ang'ono awo, alamu anga aja, anabweranso kudzazonda. Ndi omwe aja anandifunsa makiyi a njinga yamoto akulu awo ali chigonere, n'kuwonjezera kuti, "Mlamu, kwanu ku Ntcheu nyumba ilipo?"

Pepala la zotsatiralo ndawawerengera alamuwo pang'onopang'ono, kawiri. Anangoti, "Yewo chomene, Mulungu ngwabwino," maso ali pa njinga.

Adokotala akufuna kuyezanso Lolemba. Ndapempha alamuwo, pamaso pa odwala, kuti kabotolo ka chimbudziko akaperekeko ndiwo ku chipatala cha ku boma, poti amakonda kusamala za akulu awo. Akanakana bwanji? Njinga sindiwapatsa. Akwere minibasi, kabotoloko kali m'thumba la jekete, dzuwa likuswa mtengo. Katundu wa akulu awo amene adzatuluke naye m'nyumba muno ndi yekhayo.

Chivindikiro chake sichitseka bwino. Ndikanatha kuwauza, koma...