Batire Limodzi la Lole Yanga

Lolemba, Juni 1996

Lero landilemera. Lole yanga yakale imalira msanga ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa ili ndi mabatire awiri, koma m'mawa uno yangoti zii. Matimati atsala m'madengu pa Chinyunyu.

Alamu anga, ba Mwanza, anachotsa batire limodzi sabata yatha kuti atate awo odwala azimvera wailesi. Analibweza dzulo litatheratu, ndipo linzake silingalize injini lokha. Minibasi inaima kuti itithandize, koma mphamvu ya batire lake ndi theka la imene lole yathu imafuna.

Ndinapita kwawo nditakwiya. Ndinapeza mdala wodwala uja ali pamphasa, atakumbatira wailesi yozima. Anati, "Apongozi, zikomo. Misa yonse ndinaimva."

Mawu anga aukali ndabwerera nawo. Tsopano ndikuganiza kumene ndingapeze batire lachitatu, koma matimati aja...