Bala la ababa lapola

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ndachedwa kukulemberani chifukwa sindinafune kukuuzani nkhani isanaoneke mutu wake. Ababa anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi chaka chatha, mpunga tisanawokere. Musadzidzimuke, ali moyo. Panopa ali pakhonde, akutsutsana ndi wailesi.

Chotupacho chinali chimodzi, ndiye madokotala ku Blantyre anati adula mbali yodwalayo. Dokotala wamkazi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti iye saopa mpeni, amaopa bala kulowa tizilombo pambuyo pake. Anatchula shuga wokwera, fodya, kuwonda, ukalamba, komanso opaleshoni ikatalika mpaka munthu kumuwonjezera magazi. Zinayi zoyambazo ababa anali nazo kale. Ndinakumbukira mmene munkanenera, kuti minga imene waiona siikubaya, imakubaya imene wainyozera.

Amayi, chingambwe chija munalimbana nacho zaka zonse anachisiya. Tiyi akumwa wopanda shuga, akudandaula kapu iliyonse. Ndinawadyetsa mazira, nyemba ndi matemba a ku Chilwa mpaka masaya anabwererako.

Komabe opaleshoni inatenga maola ambiri, magazi anawawonjezera. Tsiku lachisanu thupi linatentha, bala linafiira, kapaipi kamene anawaika m'mimba kanayamba kutulutsa zachikasu. Madokotala anati ndulu ikudontha. Ndinapita kuseri kwa wodi n'kukuitanani ngati kamwana. Manesi anamasula ulusi, anatsuka mafinya m'mawa ndi madzulo, majakisoni osaleka. Patatha sabata ziwiri ababa anapempha chinangwa chootcha, ine ndinangokhala pansi n'kuseka.

Titabwerera ku Domasi, azakhali anabwera ndi zitsamba zoti tipake pabala. Ndinakana. Mpaka lero akundilonjera ndi chibwano, koma ziwathera.

Zina n'zakuti mng'ono wanga Esinati wachira, mwana wamkazi, makutu anu enieni. Mpunga wakudambo wachita bwino ngakhale mbalame zinatidyera m'mbali. Denga la khitchini likudonthabe.

Lamulungu lapitali ababa anayenda okha mpaka kutchalitchi ku Mishoni. Pobwerera anakhotera kumanda kwanu, ine ndikuwatsatira chapatali. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, kenako anakweza malaya kukuonetsani chipsera.

Madokotala akuti khansa imatha kubwerera. Tsiku lililonse limene atiuze kuti tipitenso, ndidzakwera nawo minibasi, ngakhale akane. Inu muwadikire kaye, ife tikuwafunabe kuno.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Felesiya