Misoko ya Amalume

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno. Kodi mawondo aja akukulolani kuyenda? Ife tilipo, adzukulu anu akungokula, nsapato sizikhalitsa n'komwe.

Amayi, ndasankha kulemba chifukwa pafoni mawu akundikanika. Amalume, achimwene anu, asiya ntchito kushopu yathu yosoka zovala, ndipo diso lawo limodzi lafa.

Mukukumbukira kuti atandikweza kukhala woyang'anira, eni shopu ananditumiza ku maphunziro a utsogoleri. Mphunzitsi anatiuza kuti wantchito akalakwitsa, tizimuitanira pambali n'kumuuza msanga, osazungulira. Ine ndinagwedeza mutu kuposa aliyense. Kwa atsikana osoka a pashopupo ndinachitadi zimenezo, mpaka ananditcha Kapitawo.

Koma amalume! Munthu amene anandiphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano, ndimuitane bwanji mu ofesi n'kumuuza kuti misoko yake yayamba kukhota? Makolala ankapendama, matumba lina m'mwamba lina m'munsi. Ine ndinkangoti zikomo amalume, zovalazo n'kuzilowetsa pansi pa tebulo. Iwo akatuluka kukadya masana, ndinkamasula misoko yonse n'kusokanso. Mumtima ndinkati umenewu ndi ulemu.

Tsiku lina mwezi watha amalume anabwerera msanga, atayiwala chipewa. Anandipeza lezala ili m'manja, malaya amene anasoka m'mawa ali pamiyendo panga. Makina onse anangoti zii. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti, ndipo ndinayankha kuti chaka chatha. Anayang'ana atsikana aja mmodzimmodzi, onse anazolika, chifukwa onse ankadziwa. Anatola chipewa chawo n'kutuluka.

Loweruka ndinawatsatira kunyumba. Ndinapeza kuti tsiku lomwe lija anapita kuchipatala. Dokotala anawauza kuti diso lamanzere silidzaonanso, koma akanabwera kale likanapulumuka.

Sanandikalipire, Amayi. Bola akanandikalipira. Anangonena kuti chifunga m'masomo ankachiona ndithu, koma popeza panalibe chovala chinabwezedwapo, ankati ndi kutopa chabe. Ankadzilimbitsa mtima kuti maso akanakhala kuti aipa, mwana wa mlongo wawo akanawauza, paja amauza aliyense.

Ndinasowa pogwira. Ndinafuna kukhala mwana wabwino ndi bwana wabwino nthawi imodzi, ndipo mapanga awiri andivumbwitsa. Koma wanyowa kwambiri si ine. Ndikudzimvera chisoni, komanso manyazi akundidya ndikamadutsa pa makina awo.

Tsopano pempho langa ndi ili. Diso lamanja lingathe kupulumuka akamapita kuchipatala pa masiku amene awapatsa, koma ayamba kale kujomba. Akuti telala wa diso limodzi apulumutsiranji linalo. Eni shopu avomera kuti abwerere aziphunzitsa odula nsalu, koma ine ndikanena, amalume amangoti wayamba liti kulankhula. Inu amakumverani. Chonde bwerani, kapena aimbireni lero lomwe.

Musandiikire kumbuyo, ndipo musawanyengerere. Auzeni mmene zilili, kuti akapitiriza kujomba sadzaonanso nkhope za adzukulu awo. Ziwawawe, koma amve. Zowakomera m'khutu ndawauza ine chaka chathunthu, ndipo zawadyera diso.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu. Mundiperekere moni kwa azakhali ndi ana onse. Za diso musawauze kaye, amalume anene okha.

Ndine mwana wanu woyamba,
amene munkati sabisa mawu.