Mpando wa Esinati Wachepa

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Msana uja unaleka kuwawa? Ine kuno mtima suli m'malo. Kalatayi ndaiyamba, ndaisiya, ndakasesa pabwalo posesa kale, ndabwereranso. Munkanena kuti ine Lusiya ndinabadwa choimirira, ndipo sindinasinthe.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Dayisoni, wabereka mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga sichinachite bwino chaka chino, koma nandolo ndi chinangwa zatiombola. Mbuzi yanu ija ikadali yakuba, sabata yatha inakalowa m'dimba la eni ake.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi mdzukulu wanu Esinati. Wakula, Amayi. Mawu amenewa mayi aliyense amawanena akumwetulira, ine ndikuwanena ndi nkhawa.

Mukudziwa kuti chidwalireni malungo aja amene anamulowa m'mutu ali wakhanda, satha kukhala yekha, sayenda, khosi limagwera kumbali. Akadya chogona amatsamwa, phala limatulukira m'mphuno, kenako chifuwa, kenako ulendo wa kuchipatala ku Boma. Chamusunga mpaka lero ndi kampando ka mwana ka m'galimoto kaja, kamene dona wa kuesiteti ya tiyi anapatsa mkamwini wanu pobwerera kwawo. Tsiku limenelo munaseka mpaka misozi. Munati, "Galimoto mulibe, njinga ndi yobwereka, koma mpando wa galimoto muli nawo. Lizani injini tikuoneni!" Koma titamukhazikamo n'kumanga malamba, mwana anawongoka, anameza phala lonse osatsamwa, n'kuyamba kutsata nkhuku ndi maso m'malo moyang'ana denga. Kuyambira pamenepo ndinu amene munkakapukuta m'mawa uliwonse.

Tsopano kachepa. Mutu wapitirira potsamira, lamba sakufikanso pa kachitsulo kake, ndikuchita kumumanga ndi mpango. M'ntchafu mwayamba kunyuka. Ndikamuikamo amalira, ndikamuchotsamo sadya.

Ndayenda, Amayi. Ku galaja ina ku Boma tinapeza mpando wakutsogolo wa galimoto yakufa, wa siponji, lamba wake ali pomwepo. Mkamwini wanu anaubweretsa panjinga akuyenda ngati wagula galimoto yonse. Esinati anangomiramo, n'kupendekera kumbali, chibwano pachifuwa. Panopa akukhalapo ndi bambo ake pomvera wailesi. Woluka madengu wa ku Milonde anandilukira wa nsungwi, wokongola ndithu, koma mwana akamadzikoka nsungwi zimamucheka m'zigongono.

Anatsala ndi a Namaona, kalipentala wa pa Chinakanaka, amene anakhoma bokosi lanu. Esinati walemera, kumubereka mtunda wonsewo ndinachita ulesi. Ndiye ndinadula bango kudambo, ndinamuyeza ali chigonere pamphasa, kumutu mpaka kumapazi, n'kulidula pomwe analekezera. Ndinamusiyira mlamu wanga, bango m'manja, ulendo. Munkandiuza kuti kuthamanga sikufika. Mutu wanga unali pa mpando basi, sindinakumbukire n'komwe kuti bango loyezera munthu limatuluka m'nyumba pa tsiku la maliro lokha, kupita kwa okhoma bokosi ndi kwa okumba manda.

Panjira, amayi opita kothyola tiyi anatula madengu pansi ine ndikudutsa. Pachipata cha msika, anyamata a malaya ofiira aja, amene salola ngakhale nkhalamba kulowa popanda khadi la chipani, anayang'ana bango n'kundipatukira. Ndinati lero ndadzuka ndi mwayi. A Namaona atandiona anavula chipewa, n'kuyamba kusankha timatabwa tatifupi.

"Pepani mayi, pepani ndithu," anatero. "Zachitika liti?"

Apo m'pamene ndinayang'ana chimene chinali m'manja mwanga. Ndinaliponya pansi.

Uthenga unandiposa liwiro. Pobwerera ndinapezana ndi amayi akulowera kwathu, ena atasenza nkhuni, ena ufa m'mbale. Ndisanatsegule pakamwa, wina anandigwira dzanja. "Wapumula mwana uja, nanunso mupumule." Wina anati, "Tinkadziwa ife, wotere sakhalitsa." Atafika pakhomo anapeza Esinati ali pakhonde m'kampando kake, akuyamwa mzimbe umene mlamu anamugwirira, madzi ake ali chuchuchu pachibwano. Amayi aja anaseka mwamanyazi, aliyense n'kusenzanso nkhuni zake. Mng'ono wanu, mayi aang'ono a Felesiya, anandikalipira mpaka dzuwa kupendeka kuti ndamulaula mwana.

Zolaulazo ndikuziopa, sindikana. Koma chimene chikundiyendetsa uku ndi uku n'chakuti palibe amene anadabwa. Mudzi wonse unali wokonzeka kale, nkhuni zili pafupi. Zinandipweteka, Amayi, zikundipwetekabe. Inu munkati wakufa sadziwika, ndipo munanena zoona. Onse ankayang'ana Esinati, koma munatsogola ndinu amene munkamaliza ndime anyamata akali pakati.

M'mawa mwake ndinamubereka ndekha, kupuma pansi pa mitengo, mpaka pa Chinakanaka, kuti amuone ndi maso awo onse amene anandipatukira. Bambo ake anatitsatira. A Namaona anamukhazika pabenchi ine nditamugwira, anamuyeza msana, chiuno ndi miyendo, iye akuwakoka ndevu. Kenako anatifunsa.

"Ndikhome womukwana lero, kapena ndisiye malo? Womukwana umugwira bwino, koma mvula ikubwerayi ikamatha ukhala utachepa. Waukulu azipendekeramo mpaka atakuliramo."

Mkamwini wanu anayang'ana pansi. "Wa lero womwewo, bambo. Zamawa sitikuzidziwa."

Musawaweruze, amamukonda mwana wawo, ndi mantha chabe. Koma ine m'makutu mwanga munamveka nkhuni zija. Ndinati, "Siyani malo, a Namaona. Mukhome wa namwali."

Anandiyang'ana, anayang'ana bambo ake, n'kubweza timatabwa tatifupi tija pamulu.

Tsopano mpando ukukhomedwa, ndipo ine tulo tandithawa. Kodi ndasankha bwino, kapena ndasankha ndi mkwiyo? Ukafika uli chimpando, mwana n'kupendekera, n'kutsamwa, wolakwa ndidzakhala ine. Mukanakhalapo mukanandiuza mawu amodzi ine n'kukhala pansi.

Ndiye ndili ndi pempho. Zitenje zanu zikadali m'sutikesi, sitinagawane. Ndikufuna ndizipinde n'kuzisoka ngati mapilo, ena m'mbali, ena kumsana, kena kakang'ono kakukhosi, kuti malo otsalawo adzaze. Malamba ndichotsa ku kampando kakale n'kuwalumikiza. Cha chipani chokha ndichisiya, nkhope ija sitingakhazikepo mwana, tingakagone kosadziwika. A Felesiya akwiya, chifukwa chobiriwira chija anachiika kale diso, koma akwiye. Munkamubereka Esinati ndi zitenje zomwezo. Mugwireninso, Amayi, ine manja anga awiri sakukwanira.

Ndikukulonjezani kuti sindimumana chakudya kuti azikwana penapake. Adye, alemere, andithyole msana. Akamakula ndizichotsa zitenjezo chimodzichimodzi. Tsiku limene ndidzachotse chomaliza, mpando utadzaza ndi Esinati yekha, ndidzachichapa, ndidzachivala, ndipo tidzabwera tonse awiri pamanda panu kudzakuuzani.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Lusiya