Supuni ya adadi ndi mizu ya Chilatini

Lolemba, 8 Epulo

Adadi abwera kuchokera kuntchito kuloji ndi mitu ya chambo yotsala kwa azungu. Lamulo ndi lomwe lija: iwo atchula muzu umodzi wa Chilatini, iwe ubweze mawu atatu a Chingerezi ochokera pamenepo supuni yawo isanagunde tebulo. Wolephera ndiwo zake ndi mchere. Chilatinicho anachitola kuseminale asanawathamangitse, ndiye amati Chingerezi chili ngati chinangwa, ukagwira muzu wakolola.

Lero port, kunyamula. Ine: transport, export, porter. Mutu wa chambo m'mbale mwanga. Triza: "p-p-p-p" ngati njinga yamoto yokana kulira. Supuni gu! Ndaseka mpaka munga unandikola pakhosi. Ndi mng'ono wanga inde, koma chibwibwi chakecho chimanditopetsa.

Lachiwiri, 9 Epulo

M'mawa kunyanja kotsuka mbale. T. wandilembera pamchenga ndi kamtengo: spect, kuona. Inspect, respect, suspect, spectator. Amaba buku la Chilatini la adadi iwo akapita kuntchito n'kulota muzu wotsatira, ndipo salephera. Dzanja lake lilibe chibwibwi. Ndaloweza, ndafufuta ndi phazi.

Madzulo spect yemweyo! Adadi akuti ndili ndi mutu wawo. T. wadyera mchere, maso pansi. Bola asayambe kulira, kulira kwakenso n'kodukiza.

Lachitatu, 10 Epulo

Zafika pena. Adadi auza T.: "Sindingaphunzitse mwana wosalankhula. Loweruka ukalephera, basi, sukulu yatha. Upita kwa azakhali ako ku Chinguluwe ukaziingitsa mpheta mumpunga. Kumeneko p-p-p wakoyo akagwira ntchito." Amayi kapu inawapulumuka m'manja.

Ine chimene chinandibwerera msanga ndi bedi. Kugona ndekha, popanda zigongono zake!

Lachinayi, 11 Epulo

Dict, kunena. Adadi anachita kusankha dala. Ndadya mitu iwiri.

Lachisanu, 12 Epulo

Amayi anditsekereza kuseri kwa bafa. "Molly mwanawe, ndimakuonani kunyanja kuja. Uwauze abambo ako kuti amakuphunzitsa ndi Triza." Ndayankha kuti kusewera pamchenga si sukulu. Anandiyang'ana ngati aona njoka mumtsuko. Ayang'ane. Ndikanena, adadi adziwe kuti mutu wawo uja uli mwa wachibwibwi, ine ndisanduke chiyani? Galu wapakhomo?

T. wandilemberabe za mawa. Ject, kuponya. Reject, inject, project. Wajambulanso kamunthu koponya mwala kuti ndisaiwale. Chitsiru chenicheni.

Loweruka, 13 Epulo

Adadi anavala tayi, ati ndi tsiku la mayeso. Anayamba ndi T. Ject. Iye anaimirira, milomo ikunjenjemera, mitsempha yapakhosi ili njo, chala chikulemba pa diresi yake, ine ndikuwerenga bwinobwino: reject. Mawu osatuluka. Supuni ili m'mwamba, adadi akumwetulira.

Amayi anagwada. "Bambo a Molly, mumulole alembe. Amadziwa mwanayu."

"Mlendo akafunsa njira kuloji ndimulembere kalata?" Kenako adadi anatembenukira kwa ine. "Iwe umagona naye. Amadziwa?"

Ndati, "Sindinamumvepo, adadi."

Bodza lili pati? Sindinamumvepo. Supuni gu. Ine ndinatchula atatu aja mosapuma, adadi mpaka kuwomba m'manja. T. sanalire. Anangondiyang'ana, kenako n'kukatsuka mbale yanga.

Lamlungu, 14 Epulo

T. wapita titachoka kutchalitchi, pakabaza, zovala mujumbo. Yunifolomu adadi ati isiyidwe, ndizisinthira. Anayesa kunditsanzika, "M-m-m," wakabaza n'kupalasa asanamalize. Bedi ndi lalikulu bwanji!

Lolemba, 15 Epulo

Kotsuka mbale ndekha. Mchenga uli see, mapazi a akhwangwala okhaokha. Ndinafuna buku lija, adadi anapita nalo kuntchito.

Madzulo mutu wa chambo umodzi. Mpando wa T. aukankhira kukhoma, ndiye maso a adadi alibe kwina kopita.

"Tract."

Ndinati tractor. Supuni inakwera. Ndinasakasaka m'mutu, mulibe kanthu, mchenga wofufutidwa. "Tra... tra..."

"Nawenso wayamba chibwibwi?"

Ndinayang'ana amayi. Iwo ankachotsa minga pansomba yawo, osadzutsa mutu.

Gu.

Adadi anakoka mbale yanga pang'onopang'ono, n'kundikankhira mchere. Akuyamwa diso la chambo anati, "Azakhali ako aimba foni. Akuti mpheta zachuluka chaka chino."