Nyimbo Yothera pa Defne

Margilon,
9 Novembala 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Istanbul, ndiponso kuti msana uja wakupatsaniko mpata. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumandidula. Ndikangoyamba nkhani yoti mubwere kumudzi, inu mwayamba kale kufunsa mtengo wa anyezi. Pepala ndiye simulidula pakamwa. Azakhali a Hulkar, amene akubwera kumeneko, akupatsani pamodzi ndi mphesa zouma.

Nkhani yabwino ndi iyi: boma layamba kuthandiza makolo apantchito kulipira sukulu yamkaka, ndipo Sevinch wathu ali m'gulumo. Kotsalako ine ndi mkamwini wanu Davron tikukwanitsa bwinobwino, moti ku fakitale ya nsalu ndikupita mtima uli m'malo. Mukukumbukira zimene munanena tsiku lonyamuka? Munati, "Ndikalere ana a eni kuti wakoyu apeze womulera, iwe usasiye ntchito." Amayi, chifukwa chimenecho chatha. Abwana anu akakufunsani mwezi wamawa zoonjezera chaka china, musavomere.

Ndikudziwa muyankha kuti denga lathu likudontha. Denga limenelo linkadontha ndisanakwatiwe pakhomo pano, lisiyeni. Mumve kaye za mdzukulu wanu.

Sabata yoyamba kusukuluko Sevinch sankagona masana. Anzake onse ali m'tulo, iye ali kukuwa. Aphunzitsi ake, a Muqaddas, mayi wosachedwa kuseka, anandiimitsa pachipata. "Mwanangu, unabereka mwana kapena tambala? Kunyumba mumamugoneka ndi chiyani?" Ndinawapatsa alla uja munajambula pa foni chaka chatha, nyimbo yomwe ija munkandigonekera ine. Kuyambira pamenepo amaiyika masana aliwonse, ndipo chipinda chonse chimagona ndi mawu anu. Akuti nawonso amasinza mpaka tiyi kuwazizirira.

Koma mwina simudziwa mmene nyimboyo imathera. Simunaimalize. Muli pakati, mwana wa abwana anu akumveka kulira chapatali, inu n'kuyankha kuti, "Ndikubwera, Defne, ndikubwera," basi n'kuduka. Ine ndinazolowera, sindinkazimvanso.

Lachisanu ndinaweruka msanga kukamutenga. Ndinapeza ana akugoneka zidole zawo, akuimba alla wanu, aliyense ndi kamawu kake. Amayi, onse, ngakhale amene satha kutchula dzina lawo lomwe, anamaliza pamodzi kuti, "Ndikubwera, Defne, ndikubwera!" Amayesa ndi mawu a nyimbo. A Muqaddas anaseka mpaka kugwira m'mimba, ine ndinaseka nawo.

Tili m'njira, Sevinch anandikoka chovala.

"Amayi, Defne ndi ndani?"

"Ndi mwana wa kumene agogo amagwira ntchito."

"Analira, ndiye agogo anapita?"

"Eya, anapita."

Tinayenda mpaka pa ophika buledi paja. Kenako anati, "Ine samandimva chifukwa ndi kutali eti? Ndizilira mokweza?"

Analira ndine, Amayi, pamsewu, anthu akuona. Sindikubisirani.

Defne sindidana naye. Ndi mwana, ndipo ndikudziwa kuti mwamukonda, chifukwa inu simutha kulera mwana osamukonda. Mutsanzikane naye bwino, mumujambulire alla wake ngati mukufuna. Koma wanuyu akukula. Nsapato zofiira munatumiza zija zinafika zitachepa kale, ndinangokuuzani kuti zamukhala bwino kuti musadandaule. Masana ali ndi omusamala tsopano, boma latipeputsa pamenepo. Chimene ndikupempha ndi cha madzulo: akatuluka pachipata apeze agogo ake ataima, osati m'foni. Ndagwira mwendo wanu.

Apongozi anga akupereka moni, akuti makangaza akusungirani m'chipinda chozizira chija, ndipo aletsa aliyense kuwakhudza. Davron akuti adzakuchingamirani ku bwalo la ndege ndi minibasi imene amayendetsa ija, yopanda munthu, ngakhale okwera atukwane. Sevinch wadinda dzanja lake kuseri kwa pepalali, muyerekeze ndi lanu muone.

A Muqaddas nawonso akupereka moni. Akuti mukafika mudzapite kusukulu mukaphunzitse ana mmene nyimbo ija imathera. Anayamba afunsa ine, ndipo ndayesetsa kukumbukira koma ndalephera. Pajatu masiku onse ndinkagona musanafike kumapeto.

Bwerani mudzatiimbire yonse.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Nafosat